Njinga yakale idzukanso ku Pumula

Pansi pa mtengo wa gwafa, kuseri kwa nyumba ina ku Old Pumula, panali njinga yamoto yopanda chishalo ndi thanki yomwe. Inali Yamaha DT125, mtundu womwe alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi akhala akuyendera kwa zaka zambiri m'Malawi, m'Zambia ndi m'Zimbabwe. Pambali pake anayala thumba la ufa long'ambika, ndipo pathumbapo anandandalikapo timapaipi tinayi takuda, touma gwa ngati nkhuni za m'chilimwe.

Eni njingayi ndi amayi a gulu lina lolima ndiwo zamasamba pafupi ndi mjigo kunja kwa Pumula South. Anasonkherana ndalama nyengo ziwiri, nakaigula pa msika wa katundu wakale wa bungwe lina lomwe ntchito yake inali itatha. Maganizo awo anali akuti mnyamata mmodzi wa m'gululo azikasiya repu ndi matimati kwa ogula m'mamawa dzuwa lisanafotetse masamba, ndipo masana njingayo izinyamula mayi wina wodzipereka amene amayendera odwala m'midzi ya Robert Sinyoka ndi St Peters. Koma chiigulireni, njingayo inkalira mphindi zochepa, kenako nkutsamwa, nkuzima. Ndalama za gulu zinali zitagona pansi pa mtengo, ndipo ena anali atayamba kale kuloza chala amene anabweretsa maganizowo.

Ndinakhala tsiku lathunthu ndi bambo wachikulire amene anavomera kuiona. Zomwe ndinaphunzira pamenepo ndi zoti aliyense woyendetsa kapena wosunga njinga ya gulu ayenera kuzidziwa.

Kwathu kwachiwiri

Pumula ndi limodzi mwa makomboni akuluakulu a kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo. Dzinali likuchokera ku mawu a Chindebele otanthauza kupuma, ndipo Mchewa aliyense amalimva popanda womumasulira. Sitima yapamtunda inafika ku Bulawayo mu 1897, ndipo mzindawu unasanduka likulu la njanji ndi mafakitale. Anthu ambiri a ku Nyasaland anabwera kudzagwira ntchito kuno, makamaka m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira mu 1953 mpaka mu 1963. Ambiri sanabwererenso. Ana ndi adzukulu awo ndi nzika za Zimbabwe, ndipo malamulo aakulu a dzikoli a mu 2013 anaika Chichewa pa m'ndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Makaniko wathuyu ndi mmodzi mwa ana amenewo. Bambo ake ankagwira ntchito ku njanji, ndipo iwo anakulira m'fungo la girizi. Ndi makasitomala amalankhula Chindebele, koma akafuna kudzudzula mdzukulu wawo amene akumuphunzitsa ntchito, Chichewa chimatuluka chokha.

Bulawayo ndi dera louma. Mu 2020 madamu a mzindawu ataphwera, makomboni ankakhala maola 144 pa sabata opanda madzi m'mipopi. N'chifukwa chake madimba a pafupi ndi mijigo ali ofunika kwambiri kwa mabanja a kuno, ndipo chilichonse chothandiza kuti ndiwo zifike kwa ogula zikadali zaziwisi ndi chuma.

Manda a njinga

Amene anagwirapo ntchito za chitukuko akudziwa kuti kuseri kwa maofesi ambiri kuli manda a njinga zamoto. Ntchito ikatha, kapena kachipangizo kamodzi kakawonongeka, njinga imatsamiritsidwa kukhoma, mvula nkuipeza pomwepo, chaka nkutha.

Vutoli si lachilendo. Mu 1988 Barry Coleman ndi katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto Randy Mamola anapita ku Somalia, kumene anaona njinga za ogwira ntchito zaumoyo zitatayidwa zisanayende n'komwe mtunda wautali, chifukwa chosowa chisamaliro wamba. Iwo pamodzi ndi Andrea Coleman anayambitsa bungwe la Riders for Health, lomwe linayamba ntchito m'Zimbabwe mu 1993, nkutsegula sukulu yophunzitsa kasamalidwe ka njinga ndi magalimoto ku Harare mu 2002. Mu 2011 ntchitoyi inafika ku Malawi, kumene okwera njinga anayamba kunyamula magazi ndi makhololo kuchokera m'zipatala zazing'ono kupita nazo kokayezetsa. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi: njinga yosamalidwa tsiku ndi tsiku siifera panjira. Ankaphunzitsa wokwera aliyense kuti asananyamuke m'mawa aziona petulo, oyilo, kulimba kwa tcheni ndi zingwe, manati ndi mabawuti, komanso mabuleki ndi matayala.

Koma bwanji za njinga yomwe inagona kale? Yambiri mwa iyo injini yake imakhala ilibe vuto. Chimene chimafa msanga ndi zinthu za labala, ndipo pa zonsezo zosokoneza kwambiri ndi timapaipi ta pa kabuleta.

Kodi kabuleta amachita chiyani?

Injini siiwotcha petulo yekha. Imafuna petulo wosakanikirana ndi mpweya, pa muyeso wa pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo tikayeza kulemera. Ntchito yosakaniza imeneyi ndi ya kabuleta. Njinga zambiri za Yamaha zimakhala ndi kabuleta wa Mikuni, pamene za Honda zimakhala ndi wa Keihin, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana.

Kunsi kwa kabuleta kuli kambale kosungira petulo. M'kambalemo muli fuloti, yomwe imayandama pa petulo, ndipo imakankha kasingano kotseka pakhomo polowera petuloyo. Kambale kakadzaza kufika pa mlingo wake, fuloti imakwera, kasingano nkutseka. Petulo akachepa, fuloti imatsika, khomo nkutseguka. Amene anatsegulapo thanki ya chimbudzi chogejemula waziona kale zimenezi.

Kumtunda kuli mmero momwe mpweya umadutsa popita mu injini. Pakati pa mmerowo ndi popanikizika, choncho mpweya umathamanga kwambiri pamenepo ndipo mphamvu yake yokankha imachepa. Mpweya wa panja, umene ukukanikiza petulo wa m'kambale, ndiwo umamukweza kudzera m'timabowo tating'ono totchedwa majeti, nkukamwazika mu mmeromo ngati nkhungu. Apa pali mfundo yomwe ambiri amaiphonya: kambaleko kayenera kupuma. Ngati mpweya wa panja sukufika pamwamba pa petulo wa m'kambale, kabuleta sangagwire ntchito bwino ngakhale atatsukidwa chotani.

Kapaipi kalikonse ndi ntchito yake

Bambo aja anatola timapaipito kamodzikamodzi nkumatiika pamalo pake kuti mdzukulu wawo aone.

Koyamba ndi ka petulo. Kamachokera ku kampopi ka pansi pa thanki kupita pa kamlomo ka m'mbali mwa kabuleta, chapamwamba pa kambale. Kawirikawiri ndiko kakakulu pa tonse, ndipo pa njinga zazing'ono kamakhala ka mamilimita 5 kapena 6 m'kati. Petulo amatsika yekha chifukwa thanki ili pamwamba, choncho kapaipika kayenera kutsetsereka bwino popanda kupindika kapena kukwera phiri panjira.

Kachiwiri ndi kotayira. Kamatuluka pansi penipeni pa kambale nkulendewera kuloza pansi, kuseri kwa injini. Kasingano kakalephera kutseka, petulo wosefukira amatulukira m'menemu nkugwera padothi, m'malo molowa mu injini. Pa makabuleta ambiri, mukamasula kasikuluu ka pansi pa kambale, petulo wotsala amatulukiranso momwemu. Kumapeto kwake sikalumikizidwa ku chilichonse.

Kachitatu ndi kopumira. Kamachokera pa kamlomo ka m'mbali chakumtunda, ndipo makabuleta ena amakhala nato tiwiri. Nakonso kamangolendewera, kumapeto kwake kuli pululu. Anthu ambiri akaona kapaipi kolendewera amaganiza kuti kachoka penapake, ndiye amayamba kufunafuna pokalumikiza. Kulakwitsa kumayambira pamenepo.

Kachinayi kamapezeka pa njinga zokhala ndi thanki yapadera ya oyilo wa 2T, monga DT125 ndi AG100. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, kampani ya Yamaha inayamba kuika pampu yotchedwa Autolube, yomwe imatunga oyilo m'thanki yakeyake nkumamutumiza pang'onopang'ono kuti asakanikirane ndi petulo polowa mu injini. Kapaipi kowonda kamachoka pa pampuyo kupita pa kamlomo ka pa kabuleta kapena pa khosi lolumikiza kabuleta ndi injini, malinga ndi chaka chomwe njinga inapangidwa. Kapaipi aka ndi moyo wa injini. Kakatsekeka, kakang'ambika kapena kakaiwalika, njinga imalira bwinobwino kwa kanthawi, kenako pisitoni imatentha nkukakamira mu silinda. Kukonza zimenezo kumadya ndalama zochuluka kuposa timapaipi tonse pamodzi kambirimbiri.

Njinga zina zili ndi timapaipi tina towonjezera. Ngati kampopi ka petulo kalembedwa ON, RES ndi PRI, m'malo mwa ON, OFF ndi RES, dziwani kuti kamatsegulidwa ndi kukoka kwa injini. Kotero pamakhala kapaipi kena kowonda kochoka pa kampopiko kupita pa kamlomo ka pakati pa kabuleta ndi injini. M'kapaipi aka simuyenda petulo. Kakang'ambika, petulo satsika ndipo injini imayamwa mpweya wakuba. Mukapezamo petulo, ndiye kuti kalabala ka m'kati mwa kampopi kabooka. Nazonso njinga zosunga oyilo mu injini, monga Yamaha AG200 ndi Honda XL125, zili ndi paipi yopumira injini yeniyeniyo. Imeneyo pa njinga zina imapita ku bokosi la sefa ya mpweya, pa zina imangoloza pansi, koma siilumikizidwa pa timilomo ta kabuleta.

Chimene chinaipha njinga ya amayi

Atachotsa kabuleta, bambo aja anandionetsa kumapeto kwa kapaipi kotayira. Munali msomali. Wina m'mbuyomu ataona petulo akudontha anaganiza kuti kapaipiko ndiko kolakwa, nakatseka. Kudonthako kunathadi, koma matenda anatsala. Kasingano ka fuloti kanali katadyeka, ndipo pampando pake panali tizinyalala ta dzimbiri la m'thanki. Petulo ankalowabe osaleka, ndipo posowa kotulukira ankakwera mpaka mu mmero nkutsikira mu injini. N'chifukwa chake pulagi inkatuluka yonyowa ndi yakuda nthawi zonse.

Kapaipi kopumira nako kanali kotseka. Pa nthawi yomwe njinga inagona kukhoma, mavu omanga zisa zadothi anamatamo matope. Atakapuliza ndi pakamwa, mpweya sunadutse ngakhale pang'ono.

Choopsa kwambiri chinali pa kapaipi ka oyilo. Kunja kankaoneka kabwino, koma atakapinda pang'ono kanathetheka pafupi ndi kamlomo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bambowo anauza tcheyamani wa gulu, amene anabwera masana kudzaona, kuti athokoze kuti njingayo inkazima msanga. Ikanayenda ulendo wonse wa ku tauni ndi kapaipi kameneko, bwenzi akukamba zogula pisitoni ndi kuboola silinda.

Mayiwo anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mtengo wa zofunika kugula. Zinali timapaipi tatsopano, timakilampu, kasingano ka fuloti, kasefa ka petulo ndi pulagi. Anamasula mfundo ya pa chitenje nkupereka pomwepo.

Petulo wa masiku ano ndi labala wakale

Pali chifukwa china chimene timapaipi ta njinga zakale tikuwonongekera msanga. Dziko la Zimbabwe linayamba kupanga ethanol kuchokera ku nzimbe ku Triangle mu 1980, ndipo mu 2013 boma linalamula kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol, makamaka wochokera ku fakitale ya Green Fuel ku Chisumbanje. Muyeso wake wakhala ukusinthasintha malinga ndi nyengo ya nzimbe, ndipo nthawi zina wafika magawo 20 pa 100 alionse. Ku Malawi nako petulo wakhala akusakanizidwa kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo ina ya PressCane inayamba ntchito ku Chikwawa mu 2004.

Kusakanizaku kumathandiza dziko kusunga ndalama zakunja ndipo kumapatsa alimi a nzimbe msika. Koma mwini njinga yakale ayenera kudziwa zinthu ziwiri. Choyamba, ethanol amafufumitsa kapena kuumitsa mitundu ina ya labala wakale, ndipo tizidutswa tonyenyeka m'kati mwa paipi timakatseka majeti. Chachiwiri, ethanol amakoka chinyezi cha mu mpweya. Njinga ikakhala miyezi osayenda, madziwo amakhazikika pansi pa thanki ndi pansi pa kambale, nkuyambitsa dzimbiri ndi utoto wonanda. Choncho pogula paipi funsani yopangidwira petulo. Zambiri zabwino zimakhala ndi zilembo SAE J30 m'mbali mwake. Paipi ya pulasitiki yoonekera m'kati, yonga ya madzi kapena ya diripi ya kuchipatala, imauma m'miyezi yochepa nkuyamba kudontha pamwamba pa injini yotentha.

Ndondomeko yoti mutsate

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo aja sanathamange, ndipo dongosolo lomwe anatsata aliyense angalitsate.

1. Gwirirani ntchito panja, kutali ndi mbaula, ndudu ndi ana. Injini ikhale yozizira ndipo kampopi ka petulo katsekedwe.

2. Musanazule chilichonse, jambulani ndi foni mbali zonse ziwiri, kapena lembani chithunzi papepala. Mangani ulusi wa mtundu wosiyana pa kapaipi kalikonse ndi pa kamlomo kake.

3. Ngati timapaipi tinachotsedwa kale ndipo simukudziwa kamlomo kalikonse ndi kachiyani, masulani kambale nkupuliza. Kamlomo komwe mpweya umaleka kudutsa mukakweza fuloti ndi chala ndi ka petulo. Komwe mpweya umatulukira pamwamba pa malo a kambale, fuloti ili pamwamba kapena pansi, ndi kopumira. Komwe kali pa kambale penipeni, kolumikizana ndi kachubu kachitsulo koimirira m'katimo, ndi kotayira.

4. Tsukani thanki ngati muli dzimbiri, ndipo ikani kasefa pa paipi ya petulo motsata muvi wojambulidwa pa kasefako. Majeti atsukeni ndi petulo ndi mpweya. Musawakolokose ndi singano kapena waya wolimba, chifukwa bowo likakula muyeso wa petulo umasokonekera.

5. Dulani paipi yatsopano molingana ndi yakale. Ikafupika imazuka pa mabampu, ikatalika imapindika. Ikani kilampu mbali zonse ziwiri za paipi ya petulo ndi ya oyilo.

6. Timapaipi totayira ndi topumira tidutse kuseri kwa injini, kutali ndi ekizozi ndi tcheni, ndipo kumapeto kwake kukhale kotseguka.

7. Mukasintha paipi ya oyilo, chotsani mpweya mu pampu pomasula kasikuluu kake mpaka oyilo atuluke wopanda thovu, ndipo onetsetsani kuti kapaipi kopita ku injini kadzaza. Amakaniko ambiri amathiranso oyilo wa 2T pang'ono m'thanki yoyamba ya petulo kuti injini isaume pamene pampu ikuyamba kukoka.

8. Tsegulani kampopi nkudikira mphindi zingapo musanalize. Ngati petulo akutuluka pa kapaipi kotayira, vuto lili pa fuloti kapena pa kasingano. Konzani kumeneko. Kapaipiko kakungokuuzani zoona.

Pomaliza pake, kumbukirani kuti malo amasiyana. Bulawayo ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka kuposa wa ku chigwa cha Shire kapena ku Tete. Njinga yochunidwa kuchigwa ikafika kumtunda imamwa petulo wochuluka kuposa mpweya umene ikupeza. Mtundu wa pulagi ndiwo umaulula: yofiirira ngati khofi wamkaka ndi yabwino, yakuda ndi mwaye ikusonyeza petulo wambiri, yotuwa mbee ikusonyeza kuti petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira.

Kuti isabwererenso kukhoma

Dzuwa litapendeka, mdzukulu uja anaponda kiki. Kachitatu njinga inalira, nkutulutsa utsi wambiri pamene inkawotcha petulo ndi oyilo zomwe zinadikha mu injini, kenako utsiwo unachepa ndipo kulira kunakhazikika. Agogo ake sanamulole kukwera msanga. Anamuuza agwade kaye, ayike dzanja pansi pa kabuleta, aone ngati pali dontho. Panalibe.

Tcheyamani asanachoke, anagwirizana ndi bambowo zinthu zitatu zoti akazifotokoze ku gulu. Njinga ikhale ndi wokwera mmodzi wodziwika, amene aziyankha ikawonongeka. Pakhale kabuku kolembamo petulo, oyilo ndi chilichonse chosinthidwa. Ndipo pa ndalama za ndiwo za sabata iliyonse azipatulapo kangachepe ka zokonzera, kuti kapaipi kakathetheka asadzayambe kuitanitsa msonkhano wa chopereka. Anawonjezanso kuti madzulo alionse kampopi ka petulo kazitsekedwa, ndipo ngati njinga ikhale mwezi osayenda, kambale kazikhuthulidwa.

Kwa inu alangizi ndi atsogoleri a magulu, pitani kuseri kwa ofesi yanu kapena ya mnzanu mukaone zomwe zatsamira kukhoma. Musanalembe kalata yopempha njinga yatsopano, itanani makaniko wodziwa ntchito ayambe waona timapaipi, thanki ndi kambale ka kabuleta. Njinga zina zinafadi, koma zambiri zikungodikira munthu wodekha.

M'mawa mwake, nthawi isanakwane 6 koloko, njinga ya amayi aja inadutsa pa msewu wafumbi wochoka kudimba, kumbuyo kwake kutamangidwa kireti ya matimati ndi mitolo ya repu yokutidwa ndi thumba lonyowa.